Nyali Ziwiri za ku Cape Point

Mphepo ya ku Cape Point siidikira kuti mlendo ayambe wapuma. Mukangotsegula chitseko cha galimoto imakulandani chipewa, n'kukusiyirani mchere wa m'nyanja pamilomo. Tsiku limene ndidafikako koyamba ndidali ndi malume anga, amene panthawiyo n'kuti atatha zaka zambiri ku Cape Town akusamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Fish Hoek. Iwo adakulira ku Chembe, ndipo asanatsikire kumwera kuno moyo wawo udali wa bwato, nkhafi ndi chilimira. N'chifukwa chake malo amene ena amapitako kukangojambulitsa zithunzi, iwo ankawayang'ana ndi maso a msodzi.

"Mphwanga," adatero akuloza pamwamba pa phiri, "nyali imene anthu onsewa akukwerera ijayi idazima kalekale. Imene imagwira ntchito ili kunsi, ndipo ambiri abwerera kwawo osaiona."

Cape Point ndi nsonga ya ndomo yaitali imene imachokera ku Table Mountain n'kulowa m'nyanja molunjika kumwera. Kuchoka pakati pa mzinda wa Cape Town pali mtunda wa makilomita oposa 60, kudzera ku Simon's Town. Kumadzulo kuli nyanja ya Atlantic, madzi ake ozizira mochititsa dzanzi miyendo. Kum'mawa kuli False Bay. Kumapeto kwenikweni ndomoyi ili ndi mitu itatu yoyandikana: Cape Point, Cape of Good Hope, ndipo pakati pake pali mutu wina wotchedwa Cape Maclear. Malume ataona dzina limeneli pachikwangwani ulendo wawo woyamba, akuti adaima kanthawi ali kukamwa yasa, poganiza kuti wina walakwitsa polemba. Koma palibe adalakwitsa. Thomas Maclear adali katswiri wa nyenyezi amene ankagwira ntchito ku Cape Town, ndipo adali bwenzi la David Livingstone. Livingstone atafika ku nyanja yathu adatcha ndomo ya ku Chembe ija dzina la mnzakeyo. Ndiye munthu wa ku Chembe akaima pano amakhala wachoka ku Cape Maclear n'kufika ku Cape Maclear, ngakhale kuti kuno madzi ndi amchere ndipo kulibe utaka.

Anthu ambiri amaganiza kuti apa ndiye pothera Africa, koma pothera penipeni ndi ku Cape Agulhas, makilomita pafupifupi 150 chakum'mawa. Komabe kwa amalinyero a kale, pokhotera pake padali pano. Bartolomeu Dias wa ku Portugal adadutsapo mu 1488, ndipo mbiri imati iye adatcha malowa ndomo ya namondwe, koma mfumu yake, João II, idasintha dzinalo n'kuti ndomo ya chiyembekezo chabwino, poti njira ya ku India idali itaoneka. Eni nthaka, Akhoikhoi ndi Asan, adali alipo kale zaka zosawerengeka Dias asanabadwe. Milu ya zigoba za nkhono zimene ankadya ikadalipo m'mphepete mwa gombe. Iwo nyanjayi ankaidziwira kumtunda. Amene ankaiopa ndi obwera pamadzi, ndipo ngakhale dzina loti False Bay ndi chipsera cha mantha awo: zombo zochokera kum'mawa zinkaona phiri la Hangklip, tsidya lina la gombelo, n'kuliyesa Cape Point, ndiye zinkakhota msanga n'kulowa m'gombe losatulukira kwina.

Ngalande ya Suez isanatsegulidwe mu 1869, chombo chilichonse chochoka ku Ulaya kupita ku India, ku China kapena ku gombe la kum'mawa kwa Africa chinkayenera kuzungulira pano. Nsanja ya nyali yoyamba m'dziko la South Africa idamangidwa ku Green Point mu 1824, ya ku Cape Agulhas idayatsidwa mu 1849, koma pa Cape Point pankakhala mdima wa ndiweyani usiku uliwonse. Boma la atsamunda a ku Britain litavomera kuikapo nyali, nsanja yake idasulidwa ku England, ya chitsulo, m'zidutswazidutswa, n'kubwera pa chombo. Zidutswazo adazikweza phiri lopanda msewu n'kukazilumikiza ndi mabawuti pamwamba penipeni, mamita oposa 230 kuchoka pamadzi. Nyaliyo idayatsidwa pa 1 May 1860.

Ndikaima pamenepo sindiwaona ngati opusa amene adasankha malowa. Maganizo awo ndi amene aliyense wa ife akadakhala nawo. Dziko ndi lobulungira, ndiye chinthu chikakhala pamwamba chimaonekera patali. Mwana woweta mbuzi amene amakwera pachulu kuti aone kumene ziweto zalowera amadziwa zimenezi. Nsanjayo payokha ndi yaifupi, yosakwana mamita 10, chifukwa phirilo lidaichitira kale ntchito yotalika. M'kati mwake mudali nyali zamafuta zingapo, iliyonse ndi mbale yonyezimira kumbuyo kwake yokankhira kuwala kunyanja, zonse zili pa chimango chozungulira pang'onopang'ono. Kuwala kwake kunkafanana ndi makandulo 2,000, ndipo usiku wopanda mtambo chombo chinkatha kuiona chili pa mtunda wa makilomita oposa 60. Papepala zonse zidali bwino.

Chimene sadachiwerengere mokwanira ndi nkhungu. Amene adakhalapo ku Thyolo kapena ku Mulanje nthawi ya chiperoni amvetsa msanga. Mphepo yonyowa ikachoka panyanja n'kugunda phiri, imakakamizika kukwera; ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka mtambo umene umakhala pamutu pa phiri ngati nkhata. Kunsi kumakhala koyera, nyenyezi zikuoneka cha kunyanja, koma pamwamba pali bii. Ku Cape kuno mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, imene amaitcha Cape Doctor, imaomba masiku otsatizana m'chilimwe chawo, ndipo ndi imene imayala mtambo wotchuka uja pa Table Mountain. Pa Cape Point inkachita zomwezo. Zolembedwa zimati nyaliyo inkakwiririka maola ofika 900 pachaka. Tangoganizani munthu amene wachezera usiku wonse kudula zingwe za nyali, kuthira mafuta ndi kupukuta mwaye pagalasi, akudziwa bwino lomwe kuti kuwala konseko kukuthera mu mtambo, mikono yochepa kuchoka pazenera.

Vuto lachiwiri lidali lobisika kuposa loyambali. Usiku wowala bwino nyaliyo inkaoneka msanga kwambiri, chombo chisanafike poyenera kukhota, ndiye oyendetsa ena ankayandikira kumtunda mopitirira muyezo. Pamene kunsi kwa nsonga imeneyi, makilomita ochepa chakumwera, kuli thanthwe lotchedwa Bellows Rock. Silionekera pamwamba pa madzi. Chimene mumaona ndi thovu loyera, mafunde akamaswekapo n'kuthovokera m'mwamba.

Malume adandionetsa thovu limeneli tili pa khoma la miyala lozungulira nsanja yakale. Alendo adali piringupiringu, ena akujambulitsa pa mtengo wa zikwangwani zoloza mizinda yakutali, ena akulemba maina awo pamiyala. Iwo adandigwira paphewa n'kunditembenuza. "Ukuona pamene madzi akuwira apo? Kwathu malo otero timawadziwa ndi maina, ndipo mwana sapatsidwa nkhafi asanawaloweze. Koma mlendo wobwera usiku angawadziwe bwanji?"

Kwa zaka 50 oyendetsa zombo ankadandaula, oyang'anira nyali ankalemba malipoti, koma nsanja idakhalabe pomwepo. Moyo wa oyang'anirawo udali wowawa. Iwo ndi mabanja awo ankakhala m'tinyumba tamiyala pansi pang'ono pa nsanja, kutali ndi sitolo, sukulu ndi chipatala. Ufa, mafuta a nyali ndi makalata zinkachokera ku Simon's Town pa njira yamchenga ndi miyala. Mphepo ikakula, kuyenda kuchoka panyumba kufika pansanja kudali kokwawa. Ndipo anyani a kuno, amene amatsikira kugombe madzi akaphwa kukatola nkhono pamiyala, sankasiya chakudya chili chonse chosatsekeredwa; mpaka lero zidzukulu zawo zimalanda matumba a alendo.

Kenaka kudadza usiku wa pa 18 April 1911.

Chombo chotchedwa Lusitania, cha kampani ya ku Lisbon ya Empresa Nacional de Navegação, chidali chitachoka ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo. Tisachisokoneze ndi Lusitania wina wa ku Britain amene adamizidwa ndi Majeremani pafupi ndi Ireland mu 1915. Ameneyo ndi amene dziko limamukumbuka. Uyu wa Apwitikizi adali wa matani 5,557, womangidwa mu 1906, ndipo usiku umenewo adanyamula anthu 774. Cha pakati pa usiku, kuli nkhungu, chombocho chidakwera pa Bellows Rock n'kukakamira pomwepo.

Mndandanda wa okwera ndi umene umandigwira mtima nthawi iliyonse ndikaukumbuka. Mu kalasi yoyamba mudali anthu 25, mu yachiwiri 57, mu yachitatu 121. Kenaka pamalembedwa nambala ina payokha: antchito achikuda 475. Kuposa theka la anthu onse a m'chombomo adali amenewa, ndipo sadawerengedwe m'kalasi ili yonse. Zaka zimenezo ndi zomwe Apwitikizi ankatenga amuna ku Mozambique kupita nawo ku minda ya koko ya pa zilumba za São Tomé ndi Príncipe, pa mapangano a ntchito amene sankasiyana kwenikweni ndi ukapolo. Ife amene agogo athu adapita ku Joni pa Wenela, ena n'kusanduka matchona, nkhani ya mwamuna wonyamulidwa ngati katundu kupita kumene sakudziwa si yachilendo kwa ife. Ndimawaona m'maganizo mwanga ali m'chipinda cha pansi pa chombo, mumdima, akumva chitsulo chikukhuluzika pamwala, madzi ozizira a Atlantic akulowa, malamulo akufuulidwa m'chilankhulo cha eni chombo.

Mwayi udalipo ndi woti chombocho sichidamire nthawi yomweyo. Chidakhala pathanthwepo mpaka pa 20 April, pamene chidatsetsereka n'kukagona pansi pa madzi akuya mamita 37. Oyang'anira nyali adamva kulira kwa chombo ndi kuona zizindikiro zake zopempha thandizo, n'kutumiza uthenga ku Simon's Town, kumene zombo zopulumutsa zidanyamuka. Mmodzi mwa oyang'anirawo adatsika phompho usiku womwewo ndi nyali ya m'manja kukachenjeza mabwato opulumukira kuti asayese kukocheza pa mchenga wa Dias Beach. Gombe limenelo ndi lokongola mukaliona muli pamwamba, mchenga wake woyera ngati ufa, koma mafunde ake amapinda bwato ngati tsamba. Bwato limodzi lidagubuduzika, ndipo anthu 8 adamwalira. Ena onse adapulumuka.

Zimandikhudza kuti usiku umenewo nyali imene idathandiza anthu pafupi ndi imfa idali ya m'manja, yonyamulidwa ndi munthu wopumira m'mwamba pamiyala yoterera, pamene nyali ya boma idali pamwamba mu mtambo. Nditawauza malume maganizo amenewa, iwo adakumbuka za kwathu: mwera ukawapeza asodzi pakati pa nyanja usiku, amayi amakoleza moto pagombe, pamchenga penipeni, osati paphiri. Adakumbukanso za Vipya, sitima imene idamira pa nyanja yathu mu July 1946 ndi anthu oposa 140, nkhani imene iwo adaimva kwa akuluakulu ali mwana. Munthu wa kunyanja akamva za chombo chomira, kaya ndi kutali chotani, amakhala ngati wamva za maliro a pamudzi.

Ngozi ya Lusitania ndi imene idakankha boma, lomwe panthawiyo n'kuti Union of South Africa ili ndi chaka chimodzi chokha. Injiniya woyang'anira nsanja za nyali, H.C. Cooper, adasankha malo pa kamsana kopyapyala ka miyala kotchedwa Dias Point, kunsi kwa phiri, mamita 87 okha kuchoka pamadzi. Mukapaona mumadabwa kuti munthu adaimapo bwanji ndi chipangizo m'manja. Mbali zonse ndi phompho, pansi mafunde akuwinduka. Adachita kuswa nsonga ya thanthwe kuti apeze poyala maziko, ndipo zipangizo zinkatsitsidwa ndi zingwe kuchokera pamwamba. Mwala wa maziko udaikidwa mu 1914, chaka chomwe nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka, ndipo nyaliyo idayatsidwa pa 11 March 1919. Maina a akuluakulu a ntchitoyo adalembedwa. Amene adasenza miyala ndi simenti pa kanjira kamene phazi limodzi likaterereka palibe chokugwira, amenewo ndimawakumbuka ine ndikamayenda pa kanjira komweko.

Nsanja yatsopanoyi ndi ya miyala, ya ngodya zinayi, yotalika mamita 9, ndipo pamwamba pake pali chipinda cha magalasi chopakidwa utoto woyera. Ilibe kukongola kodzionetsera. Mphamvu yake ili m'galasi la mkati, la mtundu umene adatulukira Mfalansa wina, Augustin Fresnel, m'zaka za m'ma 1820. M'malo mwa galasi limodzi lochindikala ndi lolemera, pamakhala mizere yambiri ya magalasi osongoka yozungulira nyali, uliwonse wopendekeka mwa muyezo wake, kotero kuti kuwala kumene kukadamwazikira kumwamba ndi pansi kumasonkhanitsidwa n'kuponyedwa kunyanja ngati mtanda umodzi wowongoka. Galasilo likamazungulira, munthu wa pachombo amaona ngati nyali ikuphethira. Poyamba ankayatsa ndi nthunzi ya palafini, monga zimachitira nyali zopopa zimene asodzi a usipa ankagwiritsa ntchito kwathu, ndipo magetsi adafika mu 1936. Lero kuwala kwake n'kofanana ndi makandulo 10 miliyoni, kumafika makilomita 63, ndipo palibe nyali ina pa gombe lonse la South Africa yoposa imeneyi.

Nyali iliyonse ya pagombe ili ndi kaphethiridwe kake, kamene ndi dzina lake usiku. Ya pa Cape Point imaphethira katatu pa masekondi 30 alionse. Woyendetsa chombo amawerenga, n'kuyang'ana m'buku lake, n'kudziwa kuti iyi si ya Slangkop ya ku Kommetjie, si ya Roman Rock ya m'kati mwa False Bay. Ndipo malo ake otsikawo adathetsanso vuto lachiwiri lija. Phiri limaitchinga, kotero chombo chochokera kumadzulo sichiiona mpaka chitatsikira kumwera mokwanira kuti chikhote popanda kukhudza miyala. Cooper adagwiritsa ntchito phiri lomwelo limene lidasokoneza anzake oyamba aja.

Sikuti nyanja idagonja. Mu November 1942, pa nkhondo yachiwiri, chombo cha ku America chotchedwa Thomas T. Tucker, chonyamula zida za nkhondo, chinkayenda chokhulira kumtunda poopa sitima za pansi pa madzi za Majeremani, ndipo chidatsakamira mu nkhungu pa Olifantsbos, kumadzulo kwa ndomoyi. Mu 1965 chombo china, Nolloth, chidagunda Albatross Rock n'kukathera pagombe lomwelo. Zitsulo zawo zadzimbiri zikadali pamchenga, nthiwatiwa zikuyenda pakati pake.

Dera limeneli lidayamba kutetezedwa ngati nkhalango mu 1939, ndipo lero ndi gawo la Table Mountain National Park. Tchire lake ndi lalifupi, la masamba olimba, limene amalitcha fynbos, ndipo malume ankadziwa maluwa ake ambiri chifukwa ena mwa iwo ankawabzala m'minda ya mabwana awo. Kuyambira mu 1996 pali kasitima kokokedwa ndi chingwe kotchedwa Flying Dutchman, dzina la chombo cha m'nthano za amalinyero, kamene kamakweza alendo mpaka pafupi ndi nsanja yakale. Pafupi pomwepo pali nyumba ya akatswiri oyeza mpweya wa m'mlengalenga, poti mphepo yochokera kumwera imafika pano itayenda panyanja yokhayokha, yosadutsa mu utsi wa mzinda uli wonse.

Ife sitidabwerere pa kasitimako. Kuseri kwa nsanja yakale kuli kanjira kopapatiza, kamene oyang'anira nyali ankadzera, kotsata msana wa phiri kulowera ku Dias Point. Anthu ochepa okha ndi amene amakatsata. Malume adali patsogolo, chipewa chili m'manja, akuyenda mopendekera kumene kunkachokera mphepo monga amachitira munthu woima m'bwato. Kumanzere kwathu madzi a False Bay adali obiriwira. Mbalame zakuda za m'nyanja zinkatuluka m'ming'alu ya phompho pansi pa mapazi athu, ndipo fungo la zitosi zake linkabwera ndi mphepo. Kanjirako kamathera pa kakhoma, ndipo kuchoka pamenepo nsanja yatsopano imaoneka kunsi, yaying'ono, itakhala pa mwala wake ngati nkhunda yoyera.

Tidakhala pakhomapo nthawi yaitali osalankhula. Kenaka malume adandikodola kuti nditembenuke. Mtambo udali utayamba kukwera phiri kuchokera kunyanja, ndipo tikuyang'ana choncho udameza zikwangwani zija, udameza anthu, udameza nsanja yakale yonse mpaka kansonga kake. Pamene tidaima ife padali poyera. Kunsi, magalasi a nsanja ya Cooper ankanyezimira ndi dzuwa la masana, ndipo patali thovu la pa Bellows Rock linkakwera n'kugwa.

"Anthu aja 475," adatero malume, "atawapulumutsa adangowakweza chombo china, si choncho?" Sadadikire yankho. Adavala chipewa chawo, n'kuchigwira ndi dzanja limodzi kuti mphepo isachitenge, ndipo tidayamba kukwera kubwerera mu nkhungu muja, chifukwa chipata cha nkhalango amatseka dzuwa likamalowa.